Ufa Wosafuna Dzuwa

"Kodi ndani amasunga mchere m'masokosi?"

Funso limeneli linachokera pakati pa mathandala a khofi, kuseri kwa nyumba, ndipo palibe analiyankha. A Wallace, mwini nyumba, anali atasenza matiresi pamutu, makutu onse atatsekeka. Nkhuku zinali pa ntchito yawo. Esnat yekha ndiye analimva bwinobwino ali pamwamba pa chulu, pamene netiweki imapezeka munthu akatambasula mkono n'kupendekera chakumpoto, ndipo foni inatsala pang'ono kumupulumuka. Mawuwo anali a ankhazi ake, a Mabel, mlongo wa malemu bambo ake. Masokosiwo ankawadziwa. Mcherewo ankaudziwanso, ndipo sunali mchere.

Tsiku limenelo dzuwa linali litatuluka ku Misuku. Munthu wa kuchigwa sangamve kukula kwa nkhani imeneyi. Nyengo yokolola khofi, chifunga chimatsika kuchokera m'nkhalango ya Mughese n'kukhazikika pamudzi ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Zovala siziuma, machesi sayaka, nsapato ukazivula lero mawa zamera chuku. Ndiye dzuwa likangosuzumira, woyamba kuliona amakuwa, ndipo mudzi wonse umakhuthulira nyumba panja. Woyamba kutuluka ndi khofi, kupita pamathandala. Kenako matiresi, mabulangete, Baibulo, wailesi, suti ya pamaliro, zithunzi za ukwati. Pa ntchito imeneyi a Mabel analibe wofanana nawo. Chaka china anayanika amuna awo, a Wallace, pamodzi ndi mpando wawo, ati chifukwa ankamveka fungo la chinyontho. Ukwati wa mwana wawo woyamba, Tamara, unachitikira ku Karonga iwo ali pakhomo, poti tsiku lonyamuka kunacha ndi dzuwa ndipo khofi anali pamathandala.

Esnat Kayange anali wongodutsa. Ankachokera ku koleji kumene ankachita digiri yachiwiri ya kemisitiri, ndipo ankapita ku Dalesalamu, kumene labotale ina inamulola kugwiritsa ntchito makina ake kamodzi kokha, sabata yotsatirayo. Anati apume kaye kwawo, kenako akwere njinga yamoto mpaka kumalire. M'chikwama mwake munali chitini cha mabisiketi. M'chitinimo munali masokosi atatu akuda, m'sokosi iliyonse munali kabotolo kokulungidwa ndi pepala lonyezimira, ndipo m'kabotolo kalikonse munali ufa woyera wosadzaza ngakhale supuni ya tiyi. Ufa umenewu unamudyera chaka chathunthu. Anaupanga yekha m'kachipinda kopanda zenera, pansi pa babu lofiira, mpaka anzake anayamba kumufunsa ngati amagona atazondoka ngati mleme.

Tsiku limene anafika ananena momveka bwino.

"Ankhazi, chitini ichi sichifuna dzuwa. Chonde chisatuluke panja."

"Palibe chinthu chosafuna dzuwa," anatero a Mabel. "Chimene chikukana dzuwa ndiye kuti chayamba kale kuola."

Esnat anaseka poyesa nthabwala, n'kukankhira chitinicho kunsi kwa bedi. Anaiwala kuti tsiku la dzuwa bedi nalonso limatuluka.

Anatsika pachulupo asakudziwa kuti mapazi akuponda pati. Analumpha dengu la nyemba, anadutsa pansi pa bulangete, anagunda a Wallace amene anazungulira ndi matiresi awo ngati chitseko, n'kukafika pathandala loyamba. Pamwamba pa khofi panali mbale yoyera yachitsulo. M'mbalemo munali ufa wake, utamwazidwa mwaluso, mopyapyala, kuti kambewu kalikonse kalandire gawo lake la dzuwa. Pambali panali kabotolo, kotsukidwa, kozondotsedwa kuti kaume. Pepala lonyezimira linali litawongoledwa bwinobwino, mwala uli pamwamba.

Ufawo sunalinso woyera. M'mphepete unali utayamba chikasu, ndipo chikasucho chinkalowera pakati Esnat akuyang'ana.

"Unagwirana," anatero a Mabel, akupukuta manja pachitenje. "Ndachita kuuphwanya ndi foloko. Ukanakhala sabata ina mmenemuja ukanautaya. Ukuona mmene ukusinthira? Chinyontho chikutuluka chimenecho."

Esnat anatsegula pakamwa koma mawu onse amene anabwera anali Achingerezi, ndipo ambiri mwa iwo sanali oyenera kuuza ankhazi. Anangoti, "Enawo ali kuti?"

"Monire! Yewo, yewo!"

Anali Sylvester, mlonda wa nkhalango, mnyamata wa ku Phalombe amene boma linamutumiza ku Mughese. Chitumbuka chake chonse chinali mawu awiri amenewa, ndipo ankawagwiritsa ntchito popereka moni, pothokoza, popepesa ndi pothamangitsa agalu. Chifikireni Esnat, njira zonse zolondera nkhalango zinayamba kudutsa pakhomo pa a Mabel. Lero anabwera yunifolomu itasitidwa, nsapato zikuwala.

"Achemwali Esnat, nkhope bwanji? Kwagwanji?"

"Ufa wanga waona dzuwa," anatero Esnat, maso ali pambale. "Ukaona dzuwa ndiye kuti watha ntchito. Panali timabotolo titatu."

"Musadandaule," anatero Sylvester. "Ife a zankhalango za sayansi timazidziwa."

Esnat sanamumve bwino. Anali atawerama pambale ija, akuyesa kuona ngati pansi pake patsala poyera, ngakhale ankadziwa kuti ngakhale patatsala sizithandiza. Kumbuyo kwake kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu akusenda siwiti m'tchalitchi. Pamene ankatembenuka n'kuti Sylvester atatulutsa kabotolo kachiwiri m'chitini chimene chinali pansi pa thandala, atakavula sokosi, atakasenda pepala, atatsegula chivindikiro, ndipo akukhuthulira ufawo pachikhatho chake. Anakweza dzanja kumwamba kuti awone bwino.

"Uwu uli bwinobwino, achemwali," anatero mokondwa. "Woyera kuti mbee. Taonani nokha."

Onse anayang'ana. Ufawo unakhala woyera kanthawi, ngati ukuganizira, kenako unayamba chikasu.

"Yewo," anatero Sylvester chapansipansi.

Esnat anakhala pansi, pafumbi, pakati pa mathandala awiri. Sanalire. Anayang'ana chitini, ndipo chinali chopanda kanthu. Anayang'ana chingwe cha zovala, ndipo panali sokosi imodzi yakuda ikulendewera. Ina inali m'manja mwa Sylvester. Yachitatu, ndi kabotolo kake, sizinkaoneka paliponse.

A Wallace anatula matiresi n'kubwera. Anali munthu wodekha, wokonda nkhani zimene sizimukhudza.

"Anyina Tamara, mwana wakhala pansi chifukwa chiyani?"

"Akulira mchere," anatero a Mabel. Koma mawu awo anali atatsika pang'ono.

"Si mchere, ankhazi."

"Nanga n'chiyani? Mankhwala? Feteleza? Ukananena kuti ndi wa anthu odwala sindikanaukhudza."

Esnat anapuma kwambiri. Ku koleji anali atafotokozapo ntchito yake kwa maprofesa atatu okwiya, koma palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo anali atagwira foloko.

"Ankhazi, ku Dalesalamu kuli makina oyezera kulemera kwa tinthu tosaoneka ndi maso, timene timatcha mamolekyu. Chilichonse chinapangidwa ndi timeneti, khofi, madzi, inu, ine."

"Ine ayi," anatero a Mabel.

"Umaika kadontho pakachitsulo. Kuwala kwamphamvu kotchedwa leza kumathwanima kamodzi, ngati mphezi. Tinthuto timadumpha titatenga mphamvu ya magetsi, n'kuthamanga m'paipi yaitali. Topepuka timafika msanga, tolemera timachedwa. Makinawo amaona amene wafika liti, n'kudziwa kulemera kwake."

"Ngati mpikisano wa amayi a chigwirizano," anatero a Wallace. "Anyina Tamara anafika omaliza."

"Ndinaima kuti ndithandize Dinah atagwa," anatero a Mabel. "Pitiriza, mwana wane."

"Makinawo amagwira ntchito bwino, anthu akhala akuwagwiritsa ntchito zaka zambiri. Koma akatswiri mpaka lero amakangana kuti pa kuthwanimako chimachitika n'chiyani kwenikweni. Ena amati kuwalako kumamenya molekyuyo mwachindunji. Ena amati ayi, kumamenya zinthu zina zimene timasakaniza naye, izozo n'kumupatsira magetsi, iye osakhudzidwa."

"Anthu akuluakulu kukangana zaka zonsezi pa chinthu chimene palibe anachionapo," anatero a Wallace, akugwedeza mutu mosangalala. "Ndimayesa zimachitika ku sinodi kokha."

"Ufa wangawu ndi mboni," anatero Esnat. "Ndinaupanga dala kuti kuwala kwa mtundu umenewo kukaukhudza uzithyoka pawiri. Makina akapeza zidutswa, ndiye kuti leza inaumenya. Akaupeza wathunthu, ndiye kuti sinaukhudze. Koma kuwala komweko kulinso m'dzuwa. Uwu uli m'mbalewu wathyoka kale. Uwo uli m'manja mwa a Sylvester wathyoka kale. Ndikapita nawo, makina apeza zidutswa, koma sindingadziwe ngati wathyola ndi leza kapena ndi inuyo. Ndi mboni imene yafika pabwalo itauzidwa kale zonena."

Sylvester anali ataimabe dzanja lili m'mwamba, osadziwa kolitula.

"Kasambeni m'manja ndi sopo," anatero Esnat osamuyang'ana. "Ndipo musanyambite."

Sylvester anapita kumpopi mofulumira ngati wapatsidwa ulemu waukulu.

"Ndiye popanda ufa, ulendo palibe?" anafunsa a Wallace.

"Ulendo palibe, digiri palibe. Ndibwerera m'kachipinda kaja chaka china, ndipo makinawo sandidikira. Kabotolo kamodzi kangakwane, ankolo. Kamodzi kokha, ngati sikanaone kuwala."

Esnat anayamba kufufuza. Anagwedeza mabulangete onse, anatembenuza matiresi, anasuzumira m'nsapato zonse zimene zinali pamzere pakhonde. Sylvester atabwerako anakwawa pansi pa mathandala ndi yunifolomu yake yositidwa, n'kutulukira mbali ina ali ndi supuni, batire lakufa ndi nthenga kumutu. A Wallace anatsogolera ntchitoyo ali chiimire, akuloza ndi chala. A Mabel okha sanasunthe. Anaima pambali pa thandala, manja atapinda pachifuwa, akuyang'ana mbale ija ngati mwana amene wawanyoza pagulu.

Esnat anali atagwada pafupi ndi mtondo pamene maso ake anagwera pamapazi a a Wallace. Phazi lakumanzere linali m'patapata, lopanda kanthu. Lakumanja linali m'patapata, koma litavala sokosi yakuda.

"Ankolo, sokosi imeneyo mwaitenga kuti?"

A Wallace anayang'ana pansi ngati akuona phazilo koyamba.

"Iyi? Inali pansi. Ndi sokosi yabwino, yokhuthala. Phazi ili ndi lija limandivuta kukazizira."

"Munali kanthu mkatimo."

"Munali. Kankandilasa chala. Ndinapatsa anyina Tamara."

Mitu itatu inatembenukira kwa a Mabel. Iwo anayang'ana kuphiri.

"Kali bwino," anatero.

"Ankhazi, munakatsegula?"

"Ndikanakatsegula ndi manja ati? Dzanja ili linali ndi mbale, ili linali ndi foloko, awiske Tamara akundipatsa zinthu ngati ndine shelefu. Ndinakaika poti ndikatenge ndikamaliza koyambako."

"Pepala lija likadalipo?"

"Likundiyabwa mpaka pano."

Esnat anaimirira pang'onopang'ono.

"Kali kuti, ankhazi?"

"Kumene dzuwa silinafikeko chibadwire changa," anatero a Mabel, n'kulimbitsa manja pachifuwa.

Sylvester anapeza mwadzidzidzi chinthu chofunika kuchiyang'ana pamwamba pa mtengo wa mapeyala. A Wallace anatsokomola.

"Ndikhoza kuchitira umboni," anatero. "Ngakhale nyali."

Esnat anasendera kwa ankhazi ake. Anatambasula manja onse awiri mwaulemu, ngati polandira mphatso.

"Zikomo, ankhazi. Tiyeni m'nyumba mundipatse."

"Nyumba iti? Makatani onse ali pachingwe. Mazenera ndatsegula. Denga lija awa akhala akulonjeza kukonza lili ndi mabowo ngati sefa. Muli kuwala kuposa panja."

"Ndifunda bulangete, mundipatsire mkati."

"Kenako ukaike kuti?"

"M'chitini."

"Chitini!" A Mabel anaseka mwachipongwe. "Chitini chimene chatsegulidwa ndi aliyense pamudzi pano? Iwe unasiya chinthu chofunika chotere kunsi kwa bedi, poti munthu aliyense angachipeze. Uyu wa Folesiti wangofika, ngakhale madzi sanamwe, wawononga kale kamodzi. Awa avala sokosi yake. Ndikupatse iwe kuti uzisunga pakati pa anthu otere?"

"Koyamba kaja anawononga ndani?" anafunsa a Wallace mofatsa.

"Nkhani imeneyo yapita," anatero a Mabel.

Esnat anaganiza mofulumira. Kutentha kwa thupi sikukanauvuta ufawo, zimenezo anaziyesa kale ku koleji. Chivindikiro chinali cholimba, thukuta silikanalowa. Pamwamba pa pepala lonyezimira panali kamisolo, bulauzi, juzi ya ubweya ndi chitenje chomangidwa kukhosi, pakuti a Mabel ankayanika chilichonse kupatula iwo eni. Anawerengera zonsezi ndipo zinamupweteka kuvomereza kuti chipangireni ufawo sunakhalepo pamalo otetezeka chotere.

"Chabwino, sungani mpaka mawa," anatero. "Njinga ikabwera mundipatse."

"Pepani, achemwali, ndingalankhuleko?" Sylvester anakweza dzanja lake losambitsidwa. "Mudutsira pamalire apa?"

"Eya."

"Ndi chitini?"

"Ndili ndi kalata ya ku koleji yofotokoza zonse."

"Kalata amawerenga, ndithu," anatero Sylvester. "Mnzanga Harrison amagwira ntchito kumeneko, ndi munthu waulemu kwambiri. Koma amayamba watsegula. Amatulutsira tebulo panja kuti aziona bwino, poti mu ofesi mwawo ndi mwamdima. Ufa woyera, m'kabotolo, wokulungidwa m'pepala, wobisidwa m'sokosi. Achemwali, aitana ndi anzawo omwe kuti adzaone. Tsidya linalo ndiye amachita kuthira pachikhatho."

"Ngati inuyo," anatero a Mabel.

"Yewo, amama."

Esnat anakhala pa mtondo wozondotsa. Za pamalire anali ataziganizirapo, koma m'maganizo mwake ankaona wapolisi wachifundo akuwerenga kalata mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, akumufunira mafuno abwino pa maphunziro. Tsopano ankaona tebulo lili padzuwa.

"Ndingakabise m'thumba la malaya," anatero, koma mawu ake analibe mphamvu.

"Iwe?" anatero a Mabel. "Iwe ukanama makutu amagwedera. Uli mwana unkabwera kudzadziulula wekha usanabe n'komwe shuga. Akangokufunsa kuti mwanyamula chiyani, uyamba kuwafotokozera za mpikisano wa m'paipi."

"Sindikufuna kubisa kanthu. Si chinthu choletsedwa. Ndikungofuna kuti awerenge kaye asanatsegule."

"Munthu amene angawachititse kuwerenga kaye sanabadwe," anatero Sylvester.

A Wallace anayang'ana akazi awo, n'kuyang'ananso kumbali.

Dzuwa linali litafika pamutu. Pamudzi ponse pankamveka kuphapha kwa mabulangete ndi phokoso la khofi akutembenuzidwa. Linali dzuwa lenileni, louma, la mtundu umene a Mabel ankaupempherera mokweza m'tchalitchi mpaka abusa kuwakumbutsa kuti ena anadzala nyemba. Iwo anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa thandala, dzanja limodzi lili pachifuwa, linalo likupalasa khofi. Anatola kambewu kamodzi, anakaluma, anakalavula. Anafika pambale ija n'kuima. Ufa wonse unali utasanduka wachikasu chodera, ngati mano a munthu wosuta.

"Chaka chathunthu?" anafunsa osatembenuka.

"Eya, ankhazi."

"M'chipinda chopanda zenera?"

"Eya."

"Chiuta wane," anatero a Mabel. "N'chifukwa chake wabwera wotuwa."

Anatenga mbaleyo n'kuivindikira ndi ina, ngakhale zinali zitachedwa. Kenako anapita pachingwe. Pakati pa suti ya pamaliro ndi neti ya udzudzu panali ambulera yakuda yaikulu, yotambasulidwa kuti iume. Anaimasula, anaigwedeza, n'kuikweza pamutu. Amayi awiri amene ankayanika chinangwa kutsidya kwa mpanda anasiya ntchito. Palibe munthu pa Misuku anali ataonapo a Mabel akubisala dzuwa.

"Awiske Tamara."

"Ndili pano."

"Khofi uyu muzimutembenuza ndi manja, osati ndi ndodo. Chifunga chikayamba kutsika paphiri paja muzimufunditsa, musadikire kuti chifike pamphuno panu. Wa pathandala lakumunsi musamusakanize ndi uyu. Wa Folesiti azikuthandizani, poti nkhalango yake ikuoneka kuti imadzilondera yokha. Asakhudze china chilichonse chokulungidwa."

A Wallace anayang'ana mathandala, anayang'ana kumwamba kopanda mtambo, anayang'ana akazi awo ali pansi pa ambulera.

"Anyina Tamara, khofi ali padzuwa. Inu mukhala kuti?"

"Vulani sokosi ya mwana," anatero a Mabel. "Esnat, imba foni kuti njinga zibwere ziwiri. Ine ndikupita ku Dalesalamu."